MUSAGULE UTOTO, GULANI BWATO

Abale anga alimi, ndalama ya cimanga ndi nshawa siibwera kawiri pa caka. Cifukwa cace ndifuna kukamba nanu za kugula cinthu cimene wina anayamba wagwira naco nchito. Citsanzo canga ndacitenga kutali, ku Maine m'dziko la America ndi ku Canada, kumene anthu agulitsana mabwato akale a matabwa okutidwa ndi nsaru.

Poyamba timve mapangidwe ace. Eni dziko, a mtundu wa Penobscot, anali kupanga mabwato a makungwa. Pafupi ndi caka ca 1880 amisiri a ku Maine, monga E. H. Gerrish wa ku Bangor, anatsata maonekedwe omwewo, koma m'malo mwa khungwa anaika nsaru yolimba yonga ya tenti. Pambuyo pace kampani ya Old Town ku Maine ndi ya Chestnut ku Fredericton zinapanga ambiri. M'kati muli nthiti zopinda za mtengo wopepuka dzina lace cedar. Pa nthitizo akhomera timatabwa topyapyala ndi timisomali ta mkuwa. Nsaru aikoka zolimba, naikhomera m'milomo ya bwato ndi ku nsonga zace zokha, osaimata ai. Atatero aipaka phala lotseka timabowo, limene liuma masabata angapo, ndipo utoto udza potsiriza. Bwato la mafiti 16 lilemera ngati mapaundi 70, kotero kuti mwamuna mmodzi alisenza.

Tsono maganizo anga ndi awa: nsaru ndi utoto ndizo zobvala cabe, bwato leni-leni ndilo mtengo. Nsaru ikang'ambika aicotsa naika yina. Koma mtengo ukaola, nchito yace iri yaikuru, ndipo ndalama zokonzera zingapose zogulira.

Wogula wanzeru ayambira ku nsonga. Mabwatowa nthawi zambiri awasunga cobvundikira, ndipo nsonga ziwiri zikakhudza nthaka zimwa cinyezi. Pamenepo, pokomana mitengo ya m'milomo ndi mtengo wopinda wa kutsogolo, ndipo payambira kuola. Akanikize ndi cala kapena ndi nsonga ya mpeni. Mtengo wabwino ukana, woola ulola ngati cinangwa cophika.

Kaciwiri, awerenge nthiti zothyoka. Ziwiri kapena zitatu zobalalika si mlandu, pakuti mmisiri afewetsa zina ndi nthunzi nazipinda m'malo mwace. Koma zikathyoka zambiri zondondozana, bwato lataya maonekedwe ace.

Kacitatu, alibvundikire, nagwade ku nsonga imodzi ndi kuyang'ana msana wace monga tiyang'ana mzere wa m'munda. Ngati pakati palowa m'kati, bwatolo labvulala, ndipo siliyenda bwino pa madzi.

Kacinai, afunse ngati mwini anacotsa nsaru ndi kumatapo fiberglass. Cimeneci cigwira matabwa zolimba, cisunga madzi m'mtengo, ndipo pocimatula timatabwa tingang'ambike. Akumbukenso kuti phala ndi utoto wakale kawiri-kawiri ziri ndi mtobvu, ndipo pfumbi lace popala liri ndi ululu.

Kacisanu, afune nambala. A Old Town anali kudinda nambala pa mtengo wopinda wa ku nsonga, m'kati mwa bwato, ndipo makalata a kampaniyo aonetsa caka cimene linapangidwa. Mau a wogulitsa angasinthe, koma nambala siisintha.

Wina adzati, "Kodi utoto watsopano suonetsa kuti mwini anali wosamala?" Kapena inde. Koma wosamala ndi wonyenga agula utoto m'sitolo imodzi. Makolo athu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndingasankhe bwato la nsaru yong'ambika, limene matabwa ace ndiwaona ndi maso, kuposa lonyezimira limene mwini wace akana kuti ndilibvundikire. Pa loyambalo ndidziwa cimene nditayira ndalama. Pa laciwirilo ndidzacidziwa ndiri pakati pa mtsinje pamodzi ndi ana anga.

Ambiri a inu simudzagula bwato la ku Maine. Koma amene mukhala m'mbali mwa Luangwa mugula mabwato osema, ndipo enanu mugula ngolo ndi makasu a ng'ombe kwa anzanu. Lamulo liri limodzi. Pitani masana, osati madzulo. Tengani munthu wodziwa. Yang'anani kunsi, kumene mwini sanapakeko kanthu. Lekanitsani cimene cikonzeka ndi ndalama pang'ono ndi cimene sicikonzeka. Ndipo wogulitsa akakufulumizani, nanena kuti wina ali kudza ndi ndalama mawa, mangani ndalama zanu pa nsaru, mutsazike mwaulemu, mubwerere kwanu.