Kompyuta isatisankhire zoiwala

Mwezi watha tinataya mdala wina wa m'komboni mwathu, amene anafika mu Lusaka dziko lisanalandire ufulu mu 1964. Zaka zitatu zapitazo ndinakhala naye maola awiri pa wailesi yathu, akusimba momwe komboni inayambira, amene anakumba chitsime choyamba, ndi pomwe panali manda akale. Tsiku la maliro mwana wake ananditumira foni: "Akulu, tiikireniko mawu a atate madzulo ano, anthu awamvenso." Ndinavomera mosaganiza kawiri.

Nditafika ku studio, dzina la fayilo linalipo pa kompyuta, koma mawu osatseguka. Makina anali ataisamutsira kosungira kwakutali, kotchipa, chifukwa panapita miyezi yambiri palibe woitsegula. Kuti ibwerere panafunika maola. Pulogalamu yathu imayamba 18:00. Mawu a mdala anafika pakati pa usiku, wailesi titatseka kale. Palibe anaba, palibe anafafaniza. Ndife tomwe tinavomera dongosololi pofuna kuchepetsa ndalama, osafunsa kuti lidzasamutsa chiyani.

Achinyamata anzanga, mvetsani momwe zimayendera, chifukwa ena mwa inu mudzagwira ntchito m'mabanki, m'makampani a mafoni ndi m'maofesi a boma, komwe njirayi ili ponseponse. Malo osungira data ali m'magulu. Pamwamba pali SSD, yothamanga koma yodula. Pakati pali hard disk. Pansi pali tepi ndi malo ena otchipa koma ochedwa. Pulogalamu imangoyang'ana kuti fayilo inatsegulidwa liti. Yotsegulidwa kawirikawiri imakhala pamwamba, yosakhudzidwa imatsika yokha.

Ife sitisungira kwa Amazon, koma malamulo awo ndi olembedwa poyera, ndiye ndi chitsanzo chabwino. Mu 2018 anayambitsa S3 Intelligent-Tiering. Fayilo ikakhala masiku 30 osatsegulidwa imatsika gulu limodzi. Ikafika masiku 90 imatsikanso, koma imatsegukabe nthawi yomweyo. Mwini akalola, pakapita masiku 180 imapita pansi penipeni, komwe kuitenganso kungatenge maola 12. Onani mawu akuti "mwini akalola". Pali munthu amene amavomereza, ndipo nthawi zambiri amavomereza akuyang'ana bilu chabe.

Vuto langa ndi ili: makinawa amayesa kufunika kwa chinthu ndi kuchuluka kwa anthu ochigwira. Amene anakulira ku Chipata kapena ku Katete akudziwa kuti zimenezo ndi zabodza. Ufa timaugwira tsiku lililonse. Mbewu ya chimanga imakhala osakhudzidwa kuyambira pokolola mpaka mvula ya Novembala. Mwa masamu a kompyuta, mbewuyo ndiyo yopanda ntchito. Koma mvula ikagwa usiku, mumaifuna m'mawa womwewo, osati mkucha.

Pa wailesi ndi chimodzimodzi. Nyimbo yomwe yavuta sabata ino imaseweredwa kakhumi pa tsiku, ndiye imakhala pamwamba ngati mfumu. Koma nyimboyo ili pa YouTube, ili m'mafoni a aliyense m'minibasi. Itatayika lero, mawa taipeza. Mawu a agogo akufotokoza za Kulamba ku Mkaika kapena Nc'wala ku Mtenguleni ali pa fayilo imodzi yokha padziko lonse, ndipo ndiyo imayamba kumira. Zolankhulidwa m'Chinyanja omvera ake ndi ochepa poyerekeza ndi za Chingelezi, choncho pa sikelo yotere zathu zidzakhala pansi nthawi zonse.

Ndikudziwa chomwe anzanga a makompyuta ayankhe: "Kusunga zonse pa SSD ndi ndalama, ndipo wailesi ya anthu ilibe ndalama." Zoona. Ine ndimagwira ntchito mongodzipereka, ndikudziwa mtengo wa bandulo. Kwa banki yomwe ili ndi malisiti mamiliyoni a zaka khumi zapitazo, kuwatsitsa pansi ndi nzeru. Ngakhale ife tili ndi malonda akale ndi zilengezo za misonkhano yomwe inatha kalekale. Zimenezo zitsike, sindidzalira. Chomwe ndikukana ndi ulesi woika lamulo limodzi pa zonse, kenako n'kumati "ndi system" zinthu zikavuta. System siinadziyatse yokha.

Ndiye chochita ndi chapafupi. Musanayatse kusamutsa kodzichitira kokha, khalani pansi anthu awiri atatu odziwa zomwe zili m'mafayilo, osati wa makompyuta yekha. Patulani zomwe sizingajambulidwenso: mawu a okalamba, misonkhano ya mafumu, umboni wa malire a malo. Ziikeni m'foda yomwe lamulolo silikhudza, ndipo musungenso kope lina pa hard disk yomwe mungaigwire ndi dzanja, chifukwa intaneti ndi malaiti tikuzidziwa khalidwe lake. Wokugulitsani dongosolo mumufunse funso limodzi: ndikaifuna fayilo lero, ifika nthawi yanji?

Ife tachita zimenezi sabata yathayi, mochedwa. Mawu a mdala tinawaulutsa patapita masiku atatu, achibale ochokera kumudzi atakwera kale basi. Mwana wake anangoti, "Zikomo akulu, mwayesako." Mpaka lero ndikamuona pa msika ndimasowa pomuyang'ana.