Wobwerera Kwawo Amafuna Munda

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri a ku Angonia amene adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu sadadikire galimoto za boma. Adangosenza mitolo yawo, nadutsa m'tinjira ta m'malire kuti mvula yoyamba iwapeze ali m'minda mwawo. Pajatu kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Nthawi ya nkhondo dziko la Malawi lidasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Pofika 1995, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adali atabwerera kuchokera m'maiko oyandikana nafe. Bungwe la UNHCR, mothandizana ndi boma, lidagawa mbewu ndi makasu, lidakumbitsa zitsime ndi kukonza sukulu ndi zipatala zomwe zidaphwasuka.

Zonsezi zidathandiza ndithu, koma chomwe chidakhazika anthu pansi ku Ulongwe ndi ku Domwe ndi munda. Kuno anthu ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndipo ena pobwerera adapeza anzawo atalima kale m'minda yawo. Milandu yotere idathera pabwalo la mfumu, pomwe akuluakulu adali kudziwa mtengo kapena mwala wosonyeza malire. Lamulo la malo la 1997 lidadzavomereza zomwezo: umboni wa anthu a m'mudzi uli ndi mphamvu ngakhale palibe kalata.

Pomwe padavuta mpa ana. Ena adaphunzira m'Chichewa ndi m'Chingerezi ku Malawi, koma pobwerera adakumana ndi Chipwitikizi m'kalasi. Enanso adabadwira kothawirako osalembetsedwa kulikonse, ndipo munthu wopanda chiphaso amavutika kulemba mayeso kapena kulowa ntchito.

Nkhaniyi si yakale chabe. M'chaka cha 2016 anthu a m'chigawo cha Tete adathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo nkhondo yomwe idabuka ku Cabo Delgado mu 2017 idasamutsa mabanja ochuluka.

Tsono boma likamakonza zokhazika anthu otere, liyambe lakhala pansi ndi mafumu kuti banja lililonse lidziwe polima. Mbewu zifike mvula isanagwe, alembi a ziphaso apite kumidzi komweko, ndipo mwana alowe m'kalasi yomuyenera. Eni mudzi nawonso asaiwalike: chitsime chokumbira obwera okha chimabala nsanje. Ufa wolandira umatha pa mwezi umodzi, koma banja lomwe lalima munda wake silidzaimanso pamzere chaka chamawa.