PAKHONDE LA ANAMWINO: Kabawuti ka mu difu kakathyoka

 Mwezi uno tasiya kaye nkhani za BP ndi shuga kuti tilowe pansi pa galimoto. Wina afunsa kuti anamwino ndi masipanala zagwirizana pati. Kuno galimoto ndiyo miyendo yathu. M'matauni ambiri a Indiana ndi Michigan, shifiti ikatha 11 koloko usiku simungaime pamsewu kudikira minibasi ngati ku Limbe. Galimoto ikafa ntchito yaima, renti yaima, ndalama zotumiza kumudzi zaimanso. N'chifukwa chake ambiri a ife timakonza tokha Loweruka, ndipo ena mwa okonza okhawo timadzakumana nawo kuchipatala.

Nkhani yathu ikukhudza magalimoto akale amene mabanja ndi ophunzira amagula chifukwa chotchipa, okoka ndi matayala akumbuyo: Ford Crown Victoria, imene anasiya kupanga mu 2011, Ford Ranger yakale, Chevrolet S-10, Astro ndi Silverado. Vuto limayamba mukaona oyilo wonunkha akuchucha m'kati mwa tayala lakumbuyo. Silo ya pa shafiti yatha, nthawi zina pamodzi ndi beringi. Musazengereze, chifukwa oyiloyo amanyowetsa mabuleki, ndipo buleki yonyowa pamsewu wa chipale chofewa ndi ngozi kwa inu ndi ana amene mwanyamula.

Kuti musinthe silo muyenera kutulutsa shafiti, ndipo pa magalimoto amenewa shafitiyo imagwidwa m'kati mwa difu ndi kachitsulo kooneka ngati chilembo C. Kachitsuloka sikatuluka pokhapokha mutachotsa phini wamkulu wodutsa pakati pa magiya ang'onoang'ono. Phiniyo naye amagwidwa ndi kabawuti kamodzi kowonda, kamutu wa 5/16 inchi, kapena kuti 8 mm. Kali ndi mazinga, aja amakaniko amati mathiredi, kufupi ndi mutu kokha, ndipo mbali yotsalayo ndi yosalala, imalowa m'bowo la phini. Kwa zaka zambiri phini amakhala akukakankha uku ndi uku, mpaka kamatopa n'kung'aluka pamene mazinga athera. Kawirikawiri kamakhala katathyoka kale musanakakhudze. Mumamasula, mutu n'kutuluka wokha, chidutswa n'kutsala m'kati chitatseka phini.

Tisanafike pochotsa, tinene za moyo wanu. Crown Victoria imalemera pafupifupi makilogalamu 1,800. Jeki ntchito yake n'kukweza basi. Yogwira galimoto inu muli pansi ndi miyendo iwiri yachitsulo ija amati jack stand, itaima pa simenti yolimba. Njerwa ndi zitsa ayi. Pa ntchito iyi mudzafuna kuika giya pa nyutulo kuti muzitha kuzungulitsa difu, ndipo handibuleki imagwira matayala akumbuyo omwe ali m'mwamba. Choncho chimene chikuletsa galimoto kusuntha ndi zopinga zimene mwaika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala akutsogolo. Pakhalenso munthu wina pafupi woti angaimbe 911. Chifuwa chikapanikizidwa munthu sangakuwe n'komwe.

Yambani ndi kumasula pulagi yothirira oyilo. Ikakana, ndi bwino mudziwe difu isanakhale yopanda oyilo. Kenako masulani chivundikiro, oyilo atsikire m'beseni. Pomasula kabawuti gwiritsani sipanala yabwino ya makona 6, yokhala bwinobwino pamutu, ndipo kokani pang'onopang'ono. Opanga galimoto amapaka kabawutika mankhwala omata, ndiye kamalimba. Ena amatenthetsako pang'ono kuti mankhwalawo afewe. Ngati mutero, pukutani oyilo kaye, tsegulani chitseko cha galaja ngakhale kukuzizira, ndipo musayatse moto pamene mwapopera mankhwala otsukira mabuleki. Ena mwa mankhwala amenewa ali ndi klorini, ndipo akapsa amatulutsa mpweya wa phosgene umene umawononga mapapo, mwina patapita maola angapo munthu akuona ngati ali bwino.

Tsopano kathyoka. Apa m'pamene akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Unikani m'bowo ndi tochi. Ngati chidutswa chatsala chopanda mazinga, palibe chochigwira koma kupanikizika kwa phini. Gwedezani phiniyo pang'ono ndi chala uku mukukoka chidutswa ndi kamaginito kowonda, kapena zungulitsani difu kuti bowo liyang'ane pansi n'kugogoda mofatsa. Ngati chatsala ndi mzinga umodzi kapena iwiri, tengani kachitsulo kosongoka, mukokere m'mphepete mwa pothyokapo ndi kuzungulitsa chakumanzere. Nthawi zambiri chidutswacho sichikhala cholimba, chifukwa mutu umene unkachimanga wachoka. Mphindi makumi awiri za kutokosa modekha zapulumutsa anthu ambiri ku bilu ya galaja.

Zikakanika, ndiye kuboola. Vuto ndi loti chikho cha difu chimatchinga, drill singalowe molunjika, ndipo mukaboola mopendekera mumadya mazinga a chitsulo chonyamula magiya, chimene chili chodula kwambiri. Amagulitsa zida zopangidwira ntchito imeneyi. M'paketi mumakhala bawuti wa bowo pakati amene mumamanga m'malo mwa mutu uja kuti aziwongolera, kaboolero katali, ndi kachitsulo kozulira. Ngati mungapeze kaboolero kozungulira chakumanzere n'kwabwino, popeza kakaluma kamatha kumasula chidutswacho pakokha. Boolani pa liwiro lochepa. Phimbani magiya ndi nsanza, ndipo pakani girizi pa kaboolero kuti zinyenyeswa zimatirire. Kachitsulo kozulira musakakakamize. N'kolimba kuposa bawuti, ndipo kakathyokera m'kati kaboolero wamba sikangakadye.

Pa gawo ili valani magalasi oteteza maso. Mwagona chagada, nkhope ili pansi penipeni pa malo amene mukuboola. Kanyenyeswa ka chitsulo kakamatirira pa diso kamayamba kusiya dzimbiri m'maola ochepa, ndipo dzimbirilo amachita kupala ndi dokotala. Kakalowa musatikite, musayese kukachotsa ndi maginito kapena thonje. Tsukani ndi madzi oyera ambiri, ndipo ngati kakumvekabe pitani tsiku lomwelo. Amene mwadzicheka, kumbukirani kuti katemera wa kafumbata amabwerezedwa zaka 10 zilizonse. Ambiri a ife tinabayitsa komaliza tikukonza mapepala obwerera kuno.

Mudzamva ena akuti ingomenyani phini ndi nyundo yaikulu mpaka chidutswa chiduke. Zimatheka, koma zimathanso kung'amba chitsulo chonyamula magiya, ndipo ntchito ya madola ochepa imasanduka yogula difu ina. Mukafika poganiza za nyundo, bwezerani chivundikiro, itanani galimoto yokoka. Safunsa anadya phula. Pagulu lathu pali abambo amene anagwirapo ntchito m'magalaja kumudzi ndi kuno, ndipo ambiri sakana kudzaona ngati mwawapempha mwaulemu ndi kuwaphikira nsima.

Chidutswa chikatuluka, kankhani phini atuluke, ndipo kuyambira pamenepo musazungulitse tayala kapena difu, kuopa kuti magiya ang'onoang'ono ndi mawashala ake angagwe. Kankhirani shafiti m'kati, chotsani kachitsulo ka C, kokani shafiti. Zida zozulira beringi mukhoza kubwereka ku AutoZone kapena O'Reilly posiya dipoziti imene amakubwezerani, ndipo oyilo wakale m'masitolo oterewa amalandiranso. Musathire m'ngalande.

Pobwezera, gulani kabawuti katsopano ngakhale kakale katatuluka kathunthu. Mtengo wake sufika pa chakudya chamasana. Mangani ndi sipanala yoyezera mphamvu molingana ndi buku la galimoto yanu. Tsukani m'kati kuti musatsale kanyenyeswa, chifukwa kamodzi kokha kamadya beringi. Thirani oyilo wa mtundu umene bukulo lanena mpaka afike pakamwa pa bowo lothirira, ndipo ngati difu yanu ndi ya limited slip imafunanso mankhwala ake owonjezera. Mabuleki amene ananyowa ndi oyilo sachapika. Sinthani mbali zonse ziwiri.

Pomaliza, amayi ndi abambo ogwira usiku, ntchito iyi musaichite mutangoweruka musanagone. Dzanja lotopa limathyola zinthu, ndipo mutu wotopa umaiwala zopinga matayala. Gonani kaye, ndipo konzani woti akutengeni Lolemba ngati galimoto ikhala isanathe. Mwezi wamawa tidzabwerera ku nkhani ya mchere m'zakudya zathu. Tsalani bwino, Mulungu akusungeni m'misewu.