Kachilombo kosadya kamene mawa ndi udzudzu

Mvula ikayamba ku Bvumbwe, suzumirani m'zithaphwi za m'madimba ndi m'maenje oumbira njerwa. Pakati pa mphutsi za udzudzu muona tizilombo topindika tothawira pansi madzi akagwedezeka. Ambirife timangoti zonsezo ndi mphutsi, koma m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi timatchedwa pupa, mawu a Chilatini otanthauza chidole. Ajeremani amati Puppe.

Dzinalo lisakupusitseni. Pakangotha masiku awiri kapena atatu, "chidolecho" chimauluka ngati udzudzu. Komanso sichidya, choncho mankhwala a Bti, omwe amapha mphutsi zikawameza, sachikhudza.

Makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo, mukationa musadikire mankhwala. Kwirirani chithaphwicho kapena kumbani ngalande tsiku lomwelo, ndipo ana azigona m'neti.