Walira Mvula Walira Matope

Pali mawu ena amene amamveka kawirikawiri m'misika ya m'malire mwa dziko lino, makamaka nthawi imene mtengo wa mbatata ya kachewere wagwa. Mawuwo ndi akuti Boma litseke chipata, Malaŵi atuluke m'mabungwe a zamalonda a COMESA ndi SADC, kuti mlimi wathu azigulitsa yekha popanda wopikisana naye. Ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, kumene munthu angathe kulima munda mbali ino nakatunga madzi mbali ya Mozambique, mawu otere sachedwa kupeza owaombera m'manja. Chotidetsa nkhawa nchakuti ena mwa oomba m'manjawo amakhala atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, anthu amene udindo wao ndi kuunikira anzao, osati kungobwereza zimene khamu likufuna kumva.

Sitikunena kuti mlimi wa ku Tsangano akudandaula chabe. Mbatata ndi mbewu yolira ndalama. Imafuna feteleza, imafuna mankhwala oteteza ku chiwawu, imafuna aganyu opalira ndi okumba, ndipo ikakumbidwa siyembekeza munthu monga chimachitira chimanga m'nkhokwe. Mlimi akaitsitsa kuchokera kumapiri kufika nayo pamphambano ya Tsangano, pamsewu waukulu wa M1, amakumana ndi wogula amene akudziwa bwino lomwe kuti katunduyo sangabwerere kumudzi. Pamsika pomwepo pamafikanso matumba ochokera tsidya lija la malire. Munthu wotere akanena kuti chipata chitsekedwe, akunena za ululu weniweni, ndipo mtsogoleri amene angamseke sayenera mpando wake. Koma kumva ululu wa wodwala ndi nkhani ina, kumpatsa mankhwala amene iye mwini watchula ndi nkhani inanso.

Dziko lino linatulukapo kale m'bungwe, ndipo anthu a ku Ntcheu sasowa wowauza za mbiri imeneyi. Pamene atsamunda anakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'chaka cha 1953, Inkosi ya Makosi Philip Gomani inali m'gulu la mafumu amene anakana poyera. Boma la atsamunda linaichotsa pampando, inawolokera m'dziko la Apwitikizi, Apwitikiziwo anaibweza, ndipo inamwalira m'chaka cha 1954 isanaone ufulu. Chitaganyacho sichinali bungwe la zamalonda chabe. Chinali goli la ndale, lopangidwa kuti azungu a ku Salisbury alamulire anthu akuda a maiko atatu. Komabe mkati mwa golilo munali msika umodzi wopanda msonkho wa m'malire pakati pa maiko atatuwo, munali ndalama imodzi, ndipo ntchito monga zipatala, mapositi ndi kasitomu zinali m'manja mwa boma la chitaganya. Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda atafika kuno pa 6 Julaye 1958 analonjeza kuphwanya chitaganya ndi kubweretsa boma la eni dziko, ndipo anachitadi. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 Malaŵi analandira ufulu wodzilamulira.

Kutuluka kumeneko kunali koyenera, ndipo palibe Mmalaŵi wanzeru amene angakhumbe kubwerera kwa Welensky. Koma tiyeni tione chimene chinachitika m'mawa mwake, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yathu.

Ntchito zonse zimene chitaganya chinkalipira zinagwera pamutu pa Boma latsopano, Boma limene thumba lake silinkakwana nkomwe kulipira antchito ake popanda thandizo la chaka ndi chaka lochokera ku Mangalande. Pofuna kuchepetsa vutoli, Boma linaika lamulo lakuti wodwala aliyense azipereka tiki, ndiye kuti mapeni atatu, akapita kuchipatala cha Boma. Linavomerezanso lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'Boma, limene makalaliki ambiri achikuda analiona ngati lowabera pamene iwo ankayembekeza kukwezedwa. Maudindo akuluakulu anakhalabe m'manja mwa azungu. Njanji yathu inkapitabe ku Beira, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, motero Boma linasankha kukhala bwino ndi atsamunda omwewo amene maiko ena a mu Africa ankalimbana nao. Anthu anali atauzidwa kuti chitaganya chikafa zonse zikhala bwino. Za tiki sanauzidwe.

Patangotha masabata asanu ndi awiri chilandirire ufulu, pa 26 Ogasiti 1964, nduna zinatula madandaulo amenewa pamaso pa Nduna Yaikulu. Pa 7 Sepitembala a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mai Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo ao. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzaowo, ndipo a Masauko Chipembere, amene anali ku Canada, anachita chimodzimodzi atangobwera. Ogwira ntchito m'Boma ambiri ku Zomba anaima mbali ya ndunazo, ndipo mumzindamo munabuka zipolowe. Mu Febuluwale 1965 a Chipembere anayesa kulanda boma ndi zida kuchokera ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, koma anakanika kuwoloka Shire pa Liwonde. Mu Okutobala 1967 a Yatuta Chisiza anaphedwa pomenyana ndi asilikali a Boma cha kudera la Mwanza ndi Neno, kumwera kwa mapiri omwewa a Tsangano.

Za amene anali wolungama pa mkangano uja, akatswiri a mbiri yakale adakatsutsanabe, ndipo munalinso nkhani za mphamvu ndi ulemu wa munthu zimene sizikhudzana ndi malonda. Chimene ife tikuona nchakuti madandaulo ena a ndunazo anali madandaulo a anthu wamba, ndipo chipani cha Malawi Congress, chimene chinkalamula panthawiyo, chinawayankha ndi mawu amodzi okha akuti ukapirikoni ndi uchigawenga. Kuyambira pamenepo pakamwa pa anthu panatsekeka kufikira riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ndipo nkhani ya malonda ija sinathe ndi imfa ya chitaganya ai. Pofika 1967 Boma lomwelo linali litasaina pangano la zamalonda ndi South Africa, chifukwa dziko lopanda doko silingakhale lopanda wogulana naye.

Wina anganene kuti izi nzakale. Tiyeni tsono tione za dzulodzuloli, za anthu omwe aja amene ankatilamulira. Dziko la Britain linalowa m'bungwe la maiko a ku Ulaya m'chaka cha 1973. Pa 23 Juni 2016 anthu ake anaponya voti, ndipo 52 mwa anthu 100 alionse anasankha kutuluka. Okopa anthu anali atalemba pabasi kuti ndalama zokwana mapaundi 350 miliyoni zimene amati zimapita ku bungwelo sabata iliyonse zingathe kupita kuzipatala. Analonjezanso kuti alendo olowa m'dzikomo achepa. Chipani cha Conservative, chimene chinali m'boma, ndicho chinasenza ntchito yosandutsa malonjezowo kukhala malamulo, ndipo ntchitoyo inachidya. A David Cameron analengeza zotula pansi udindo tsiku lotsatira. Pangano limene mai Theresa May anabwera nalo kuchokera ku Brussels linakanidwa katatu m'Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 2019, ndipo ena mwa olikanawo anali aphungu a chipani chao chomwe. A Boris Johnson anapambana ndi mipando 365 mu Disembala 2019 naturutsa dzikolo pa 31 Januwale 2020, koma pofika Julaye 2022 nduna zao zinawathawa zambirimbiri, ngakhale kuti pamenepo panalinso milandu ina ya khalidwe lao. Mai Liz Truss anakhala pampando masiku 49 okha. Pachisankho cha pa 4 Julaye 2024, pansi pa a Rishi Sunak, chipanicho chinatsala ndi mipando 121, kugwa kumene chinali chisanakuonepo chiyambire.

Chofunika kuchizindikira nchakuti amene anachikwapula kwambiri chipanicho si okhawo amene ankafuna kukhalabe m'bungwe. Anthu oposa 4 miliyoni anavotera chipani cha Reform UK cha a Nigel Farage, ambiri mwa iwo omwe aja anavotera kutuluka, ndipo mlandu wao unali wakuti munatilonjeza, simunachite. Alendo sanachepe, anachuluka. Wamalonda wamng'ono amene kale ankangotumiza katundu ku France anapezeka akudzaza mapepala a kasitomu. Walira mvula walira matope, koma matopewo akafika anthu sadzudzula mvula, amadzudzula amene anawatsogolera kukaipempha. Ngati zotere zinagwera chipani chakale chotero, m'dziko lolemera lokhala ndi madoko mbali zonse, nanga ife amene mafuta athu ndi feteleza wathu zimadzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, m'maiko a eni?

Atsogoleri a Chipani ayenera kudziwa mmene zinthu zakhalira, kuti asamayankhule za m'maluwa. Malaŵi anali nao pokhazikitsa SADCC ku Lusaka m'chaka cha 1980, bungwe limene linasanduka SADC mu 1992. COMESA inabadwira kuno komwe, pamsonkhano wa ku Lilongwe mu Disembala 1994, ndipo mlembi wake wamkulu woyamba anali Mmalaŵi, malemu Bingu wa Mutharika. Pamene maiko asanu ndi anai anayamba kugulitsana popanda msonkho wa m'malire pa 31 Okutobala 2000, Malaŵi anali mmodzi mwa iwo. Mwa anansi athu atatu, Zambia yokha ndiyo ili m'mabungwe onse awiri monga ife. Mozambique inachoka mu COMESA m'chaka cha 1997, Tanzania inachoka mu 2000. South Africa ili mu SADC yokha, pamene Kenya ndi Egypt zili mu COMESA koma siziri mu SADC.

Tanthauzo lake kwa munthu wa ku Tsangano ndi ili: thumba la mbatata lochokera ku Angonia kapena ku Tsangano wa mbali ya Tete silikhudzana ndi COMESA ngakhale pang'ono. Titatuluka mu COMESA lero, thumbalo lidzafikabe pamsika mawa, ndipo amene adzalira ndi mai wa geni wa ku Mchinji amene amadutsa pachipata cha Mwami ndi katundu wake wochepa mwa njira yapafupi imene bungwelo linakonzera amalonda ang'onoang'ono. Titatuluka mu SADC, tidzakhala tadzichotsa pabwalo limene timakambirana ndi eni njanji ndi eni madoko. Ndipo malire a ku Ntcheu si mtsinje kapena mpanda. Kuyambira ku Lizulu kutsika kumunsi, m'malo ambiri msewu womwewo ndiwo malire, Angoni a mbali zonse ndi amodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1980, midzi yomweyi ndiyo inalandira othawa nkhondo miyandamiyanda. Ndani angaime pa Biriwiri nkunena kuti watseka malire amenewa?

Tinalawako pang'ono m'chaka cha 2025. Mu Malichi Boma la Malaŵi linaletsa kulowetsa m'dziko muno zinthu zingapo zimene timalima ndi kupanga tokha. Mu Epulo dziko la Tanzania linabwezera poletsa katundu wa zaulimi wochokera kuno, ndipo amalonda a ku Karonga anaona okha mmene chipata cha Songwe chimakhalira chikazizira. Chiletso cha Tanzania chinachotsedwa patangopita masiku ochepa kuti maboma awiriwa akambirane. Mapangano amene tinasaina amalola dziko kuteteza alimi ake pa nthawi ya vuto, koma mwa njira yake, modziwitsana ndi anansi. Kumeneko ndi kumene Boma liyenera kulimbikira, ndipo sipafunika kutuluka m'bungwe kuti tichite zimenezo.

Kwa apampando a nthambi, a madera ndi a maboma, tikuti: musalonjeze pamsonkhano chinthu chimene Nduna ya Zamalonda singathe kuchisaina. Munthu akaimirira kudandaula za mtengo wa mbatata kapena za atsogoleri a Chipani, musamtche wotsutsa kapena wogulidwa. Lembani dandaulo lakelo, mulitumize kuboma ndi kuchigawo, ndipo yankho likachedwa mulilondole. Umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo ndi zinthu zabwino m'chipani chilichonse, koma mu 1964 zinagwiritsidwa ntchito yotseka makutu, ndipo taona kumene zinatifikitsa.

Kwa ogwira ntchito m'Boma, makamaka a kasitomu, alangizi a zaulimi ndi akuluakulu a misika, nkofunika kukumbukira kuti mlimi sawerenga mapangano a ku Lusaka kapena ku Gaborone. COMESA ndi SADC amaziona pankhope panu. Mukamlipiritsa ndalama yopanda lisiti, kapena mukalola lole ya munthu wolemera kudutsa usiku pamene njinga ya mwana wake mwaigwira masana, iye adzati mabungwewo ndiwo akumdyera, ndipo mlandu wake udzagwera Chipani.

Zimene mlimi wa ku Tsangano akusowa zili m'manja mwa Boma lathu lomwe, osati mwa alendo: msewu wochoka pa M1 kudzera pa Tsangano mpaka ku Neno ndi Mwanza wodutsika ngakhale m'dzinja, mbewu yabwino ya mbatata yopanda matenda, nyumba zosungiramo zokolola kuti asagulitse tsiku lomwe wakumba, sikelo yoona pamsika m'malo moyesa ndi thumba losokerera pamwamba, ndiponso makalabu olimba oti aziika mtengo pamodzi. Aphungu ndi makhansala a dera limeneli apite nazo nkhani zimenezi kukhonsolo ya Ntcheu ndi ku Nyumba ya Malamulo nyengo yokambirana za ndalama za Boma isanafike.