Chikondi cha agogo athu chikudikira kamera

Mukadutsa ku Mgona kapena ku Chinsapo madzulo, simuchita kufunsa kumene akuonetsa kanema. Sipika ili panja, womasulira akukuwa m'Chichewa, m'katimo anthu apanikizana pamabenchi. Ku Kawale ndi ku Area 25, amene ali ndi bandulo ya intaneti amaonera pafoni zachikondi za makedzana monga Bridgerton: madiresi okwekwereza pansi, ngolo za akavalo, mnyamata ndi mtsikana akubana maso chifukwa makolo ali pomwepo. Seweroli lidachokera m'mabuku a Julia Quinn, lidayamba pa Netflix mu 2020, ndipo mu 2023 lidaphuka nthambi yotchedwa Queen Charlotte. Buku la Jane Austen, Pride and Prejudice, ndi la 1813, koma BBC idalijambula mu 1995, ena nkulijambulanso mu 2005. Anzathuwa akudyerabe zimene adalemba agogo awo, pamene ife mabuku a makolo athu tawasiyira chiswe. Ndikuti nthawi yakwana yoti ojambula mafilimu athu awatsegule.

Chimene chimakoka woonera m'masewero otere si diresi ayi. Ndi chikondi chokhala ndi mpanda, chimene sichingatheke popanda kudutsa kwa akuluakulu. Nanga mpanda wotere ndi wachilendo kwa ife, eni ankhoswe, malume, chikamwini ndi chitengwa? Taganizirani mtsikana wa ku Dowa m'zaka za m'ma 1960, bwenzi lake litakwera Wenela kupita kumigodi ya ku Joni. Kalata ikabwera amapita nayo kwa aphunzitsi kuti amuwerengere, mawu a kukhosi nkudutsa pakamwa pa munthu wina. Zaka zikupita, anthu ayamba kunong'ona kuti mnyamata uja adatchona, ndipo amalume alandira kale mawu kuchokera kubanja lina. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 nkupha Amalawi oposa 70, angati adatsala ndi chikole m'manja? Mabuku onena za nthawi zakale tili nawo. Nthondo wa Samuel Josia Nthara adapambana mphotho mu 1933, ndipo T. Cullen Young adamumasulira m'Chingerezi mu 1934. Alipo Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe. Alipo Jingala wa Legson Kayira wa 1969, nkhani ya mkulu amene akudikira kamtsikana kuti kakule akakwatire. Nkhani imeneyo ikadali yamoyo m'dziko limene likulimbanabe ndi maukwati a ana.

Ena ati ndalama zili kuti. Nzoona kuti kujambula zakale kumadya thumba, koma zakale zathu sizifuna nyumba yachifumu ya ku London. Zifuna nkhokwe, mtondo, chilundu, njinga yakapalasa ndi sutikesi yachitsulo. The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 yochokera m'buku la William Kamkwamba, idajambulidwa kwathu konkuno ndipo dziko lonse lidaiona. Amalawi ambiri adadandaula ndi Chichewa cha ochita sewero akunja, koma dandaulo lomwelo likutiuza kuti nkhani zathu zifuna pakamwa pathu. Luso lilipo, Shemu Joyah adalionetsa mu Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat.

Enanso ati mabuku amenewa ndi ulaliki wokhawokha, ndipo mukawasintha kuti akomere achinyamata mwanyoza olemba. Apa mpofunika kunena mosapsatira: walira mvula walira matope. Filimu si buku, ndipo woijambula ayenera kudula, kuwonjezera, ngakhale kutenga mkazi amene wolemba adangomutchula podutsa nkumupatsa nkhani yakeyake. Ku Nigeria adajambula Things Fall Apart ya Chinua Achebe mu 1987, Pete Edochie ali Okonkwo, ndipo bukulo silidafe nazo. Chosayenera kusintha ndi nthawiyo. Mkamwini wa 1935 asalankhule ndi apongozi ake ngati mnyamata wa ku Biwi akuitanira minibasi, ndipo msonkho ndi thangata zisabisidwe kuti chithunzi chikongole. Mukachotsa mpanda, chikondicho sichikhalanso ndi choti chilumphe, ndipo woonera amadzuka nkumapita.

Chotsala ndi dongosolo. Mabanja a olemba ali ndi ufulu pa mabukuwa, choncho ojambula ayambe agogoda kwa iwo ndi ku COSOMA asanayatse kamera. MBC, imene idalera anthu ndi Sewero la Sabata Ino pawailesi, ingathe kuyamba ndi buku limodzi, magawo ochepa. Inu oonera a ku Area 23 ndi ku Chinsapo, filimu yotere ikadzatuluka mudzaigule, musadzangokopetsa pamemori khadi. Agogo amene akudziwa mmene chikole chinkaperekedwera akutha mmodzimmodzi, tiwafunse akadali moyo.