Musalole kuti themositati ya pikiapu yanu itayidwe

Pali kachitsulo kena mu injini ya galimoto kamene kakula kwake sikaposa chibakera cha mwana, koma kuno ku Thyolo kasanduka mfiti ya pamudzi: chilichonse chikavuta, mlandu ndi wake. Dzina lake ndi themositati. Kamuvi koonetsa kutentha kwa injini kakayamba kukwera ndi kutsika, amakaniko ambiri apansi pa mtengo amakachotsa n'kukaponya kutchire, ati azungu anakaikira maiko ozizira, kuno kwathu n'kotentha kale. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chikupha mainjini athu, ndipo amene akulira mapeto ake ndi mlimi.

Taonani kaye ntchito imene pikiapu imagwira m'boma lino. Masamba a tiyi ochuluka amatengedwa ndi mathirakitala ndi malole, inde, koma kabichi ndi tomato wa kwa Goliati, mkaka ndi ndiwo zamasamba za ku Bvumbwe, feteleza wopita ku minda ya alimi ang'onoang'ono a tiyi, zonsezi zimadalira Hilux, Isuzu kapena Nissan yakale imene mwina yaposa msinkhu wa dalaivala wake. Katundu wathu ndi wosadikira. Mkaka ukakhala padzuwa umasasa. Masamba a tiyi akapanikizana m'matumba amatentha n'kufiira, ndipo ku fakitale sawayang'ana kawiri. Galimoto ikafa pamtunda, ndalama ya mlimi imafera pomwepo.

Tsono themositati ndi chitseko chabe. Injini ikakhala yozizira, chitsekocho chimatseka njira yopita ku radiyeta kuti madzi afunde msanga. Akafika pa madigiri apakati pa 80 ndi 90, chimatseguka pang'onopang'ono kuti madzi akazizire. Ndicho chimene chimaimitsa kamuvi malo amodzi. Mukachichotsa, kamuvi sikangakhazikikenso: kamagwa pansi mukamatsetsereka, kamakwera mukamalimbana ndi chitunda, monga potuluka ku chigwa cha Shire kudzera ku Thekerani mpaka ku Makwasa. Ndiye kuti makaniko wachiza matenda a kamuvi kosakhazikika ndi mankhwala amene amakachititsa kusakhazikika.

Amene amati kuno n'kotentha akayambe aima pakati pa minda ya tiyi ya Satemwa kapena Naming'omba m'mamawa wa mwezi wa June, chiperoni chili m'kati. Injini yopanda themositati tsiku lotere siifunda mokwanira. Dizilo sapsa bwino, utsi umachuluka, mafuta amatha msanga, oyilo amadetsedwa, ndipo zitsulo za m'kati zimadyana mofulumira kusiyana ndi mu injini yofunda bwino. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Mu mainjini ambiri a ku Japan themositati ikamatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira osafika ku radiyeta. Ikachotsedwa, kanjirako kamakhala kotsegula nthawi zonse, madzi ena otentha amangobwerera mu injini osazizidwa. N'chifukwa chake galimoto yochotsedwa themositati imatha kuwirabe pokwera ku Bvumbwe itasenza matumba.

Sindikunena kuti themositati siiwonongeka. Imawonongeka ndithu, imatha kumata, ndipo ikamata kamuvi kamakwera kwambiri kenaka n'kugwa mwadzidzidzi ikatseguka. Koma kuiyesa sikufuna sukulu. Iikeni mumphika wa madzi pa mbaula. Ngati ili bwino imatseguka madzi asanawire, ndipo mukaivuula imatsekanso. Ikakanika, gulani ina. Mtengo wake mukauyerekeza ndi wokonzetsa injini yonse, ndi nkhuku poyerekeza ndi ng'ombe.

Kawirikawiri wolakwa amakhala wina. Woyamba kumukayikira ndi kuchepa kwa madzi, kapena mpweya umene walowa m'njira zake. Kachipangizo kamene kamauza kamuvi za kutentha kamayenera kumira m'madzi. Mpweya ukamadutsapo, kamuvi kamavina. Apa mpofunika kusamala kwambiri, chifukwa kamuvi kamene kanali pamwamba n'kugwa kokha muli pa ulendo sikuti zinthu zakhala bwino ayi. Mwina madzi atheratu, ndipo kachipangizo kaja kakungoyeza mphepo pamene injini ikupsa.

Chivundikiro cha radiyeta nachonso timachiyesa chotsekera wamba, ena mpaka kumangapo pulasitiki. Ntchito yake ndi kupanikiza madzi kuti asawire msanga. M'mbali mwa nyanja zikuluzikulu madzi amawira pa madigiri 100, kuno kumapiri amawira asanafikepo, koma pansi pa chivundikiro chabwino amapirira mpaka pafupifupi 120. Mphira wake ukatha, madzi amatayika pang'onopang'ono pa chitunda chilichonse.

Nthawi imene kamuvi kamakwera ndiyo imaloza kumene kuli vuto. Kakamakwera mwaima kapena mukuyenda pang'onopang'ono pamsika wa Luchenza, n'kutsika mukathamanga, onani fani ndi lamba wake. Kakamakwera pa chitunda ndi pothamanga pokha, radiyeta yatsekeka. Nyengo ya dzinja, imene ndiyo tiyi amathyoledwa kwambiri, misewu ya m'maesiteti imakhala matope okhaokha, ndipo matope ofiira aja pamodzi ndi udzu zimamata kumaso kwa radiyeta mpaka mphepo kusowa podutsa. Kutsuka kokha kumathetsa nkhani. Nthawi zina injini ilibe vuto n'komwe, ndi waya wa kachipangizo kaja umene wamasuka ndi mabampu. Kamuvi kotere kamadumpha ngati chiwala, pamene kutentha kwenikweni kumakwera pang'onopang'ono.

Choopsa ndi gasiketi ya pamutu pa injini. Mukaona thovu likutumphuka mu radiyeta injini ikulira, utsi woyera wosatha ngakhale injini itafunda, madzi akutha popanda podontha, kapena oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, imitsani galimotoyo. Kuchotsa themositati pamenepa kumangobisa matenda kwa masabata ochepa. Ena amachita dala akafuna kugulitsa galimoto, choncho inu a kalabu amene mwasonkherana kuti mugule pikiapu, uzani makaniko wanu atsegule aone ngati ilimo musanapereke ndalama.

Nafe eni ake tili ndi mbali yathu. Pafupifupi pikiapu iliyonse ya matola imayenda ndi chigubu, ndipo madzi ake ndi a mumtsinje uliwonse umene wapezeka. Madzi amatope amasiya dothi m'timapaipi ta radiyeta, a pa mjigo ena amasiya zoyera zija mumaziona pansi pa ketulo, ndipo madzi okhaokha amadyetsa injini dzimbiri. Mankhwala obiriwira kapena ofiira amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto ku Limbe si a maiko achisanu okha. Amateteza ku dzimbiri. Asakanizeni monga alembera pa botolo, ndi madzi oyera, ngakhale a mvula osefa bwino. Koma posintha musawataye pabwalo. Amatsekemera ndipo ndi poizoni kwa ana, agalu ndi ziweto.

Galimoto imene imafuna chigubu tsiku ndi tsiku ili ndi podontha, ndipo pamenepo ndi pamene makaniko ayenera kufufuza: mapaipi, pampu ya madzi, radiyeta. Ikawira muli panjira, imani pambali, dikirani izizire. Musatsegule chivundikiro ili yamoto, nthunzi yake imasupula khungu, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha chifukwa mutu wake umatha kupindika kapena kung'aluka.

Makaniko akakuuzani kuti achotse themositati, mufunseni mwaulemu kuti, "Bambo, mwaiyesa m'madzi otentha? Nanga chivundikiro ndi lamba mwaziona?" Akayankha kuti kuno n'kotentha, mulipireni ya ntchito imene wagwira kale, mutenge kachitsulo kanu mupite nako kwa wina.